KODI NKWABWINO KUONETSA ANA ZINTHU ZIMENE SITINGATHE KUWAGULIRA?

Mwezi uno ndifuna kuti tisinkhe pamodzi funso limene lidandisowetsa tulo masiku ambiri. Ndikhulupirira kuti atate ndi amai ambiri alidziwa mumtima, ngakhale sadalitchule ndi pakamwa. Funsolo ndi ili: munthu wa ndalama zochepa, wolima mpunga kapena wosodza usipa, kodi achita bwino kutenga tiana tache ndi kunka nato ku mzinda waukulu kukaona zodabwitsa, kumene ngakhale madzi akumwa agula ndi ndalama? Kodi potero apatsa anawo nzeru, kapena awapatsa njala imene iye sadzatha kuithetsa?

Ine ndidapita, ndidalakwa, ndipo pa kulakwa kwangako ndidatolapo kanthu. Ndicho ndifuna kukugawirani.

MMENE ULENDO UDAYAMBIRA

Pakhomo panga pali ana atatu amene akali aang'ono: mnyamata wa zaka 10, mtsikana wa zaka 7, ndi mzime wa zaka 4. Tsiku lina mnyamatayo pochokera kusukulu adandifunsa kuti, "Atate, aphunzitsi ati likulu la dziko lathu ndi Lilongwe. Nanga likulu nchiyani? Ndi nyumba, kapena ndi phiri?" Ndidamuyankha monga ndidatha, koma ndidaona kuti mau anga sadamlowe, pakuti chibadwire mwanayo sadapitirireko Salima. Pamenepo ndidalonjeza kuti tikakolola mpunga tidzanka tonse kukaona ndi maso.

Chidali chaka cha 2024. Mukumbukira kuti mu Novembala 2023 ndalama yathu ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo mitengo ya zinthu idakwera ponseponse. Chifukwa chache lonjezo langa lidalemera koposa mmene ndidaliyesera polipereka. Komabe titapuntha mpunga, ine ndi amai a anawo tidapatula matumba awiri, tidawagulitsa, ndipo ndalamazo tidazitcha za ulendo.

MAU A ALAMU ANGA

Monga mwa mwambo wathu, ndidakauza alamu anga, atsibweni a anawo, amene ali mwini mbumba. Iwo adandimvera mpaka ndidatha, napukusa mutu, nati:

"Alamu, mwaganiza bwanji? Matumba awiri a mpunga ndiwo feteleza, ndiwo mayunifomu, ndiwo mankhwala mwana akagwa ndi malungo m'dzinja. Inu mufuna kukawataya m'masiku atatu kuti ana akaone nyumba za eni ache. Ndipo si ndalama yokha imene ndidandaula. Mwana amene sadaone nsapato ya m'galasi sailira. Lero akondwa ndi galimoto lache la mawaya ndi mpira wache wa mapepala. Mukamuonetsa za m'sitolo, mawa adzayang'ana zachezo ndi manyazi. Atsibweni athu ife adanka ku Harare, ati akagwire ntchito chaka chimodzi agule njinga, ndipo agogo adamwalira akali kuyang'ana kunjira. Machona onse adayamba ndi kuona. Nanga anyamata a masiku ano amene athamangira ku Johannesburg, adawaitana ndani? Si maso kodi?"

Ine ndidawaponyera mwambi wa makolo, kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Iwo sadachedwe kuyankha. Adati, "Inde, alamu, koma ng'ona ikasintha dziwe ikapeza madzi ndi kumwa. Anawa mukawaonetsa madzi amene sadzamwako."

Musayese alamu anga munthu wouma mtima kapena wosadziwa zinthu. Mau aowo ali ndi choona chambiri, ndipo ali yense wofuna kuyankha funso lathu ayenera kuyamba wawayankha iwo. Tsiku limenelo tidasiyana osamvana, koma mwaulemu adatilola kupita.

MZINDA WODYA NDALAMA

Tidanyamuka mbandakucha pa minibasi ya ku Salima, ndipo pa Salima tidakwera ina ya ku Lilongwe, mtunda wa makilomita ngati 100. Mzime adakhala pamiyendo pa amache, mtsikana pamiyendo panga, kuti tilipire mipando itatu yokha. Poyandikira mzinda tidaona nkhokwe zazitali za simenti za ku Kanengo, mmene boma lisungiramo chimanga cha dziko, ndipo mnyamata adafunsa ngati mbewa zitha kukwera m'menemo.

Kale Lilongwe padali boma laling'ono m'mbali mwa mtsinje wa dzina lomwelo. Mu 1975 likulu la dziko lidachoka ku Zomba kudza kumeneko, ndipo chiyambire pomwepo anthu ali kuthirikiramo chaka ndi chaka. Kalembera wa 2018 adapezamo anthu 989,318, ndiko kuti oposa anthu onse a m'boma lathu la Dedza, kuyambira ku nyanja kufikira ku malire a Mozambique. Nambala imeneyi ndidaidziwa kale pa pepala, koma ndidaimvetsa tsiku limene tidatsika pa depoti, pakati pa oitanira minibasi, a kabaza, a njinga zamoto ndi ogulitsa malonda, onse ali kupfuula nthawi imodzi.

Phunziro loyamba tidalilandira pomwepo. Mzime adafuna kunka kuseri, ndipo pakhomo pa chimbudzi padakhala munthu wolandira ndalama. Titafuna kuoloka mtsinje wa Lilongwe pa timilatho ta matabwa timene tilumikiza misika ya tsidya lino ndi tsidya lija, pamenepo napo padali wolandira ndalama. Mnyamata adandinong'oneza kuti, "Atate, kodi kupuma mpweya nakonso tilipira kwa yani?"

Tidagona kwa mng'ono wao wa akazi anga ku Mtandire, m'kanyumba ka lendi ka zipinda ziwiri. Kumeneko anawo adaona amai ao aang'ono ali kugula madzi pa ndowa, makala pa kajumbo, ndi kamulu ka usipa kamene kwathu ku nyanja msodzi angapatse mwana chabe. Tsono Mtandire ayandikana ndi Area 47, kumene kuli nyumba zazikulu za mipanda ya njerwa. Podutsa kumeneko mtsikana adasuzumira pa chipata china, naona munthu ali kuthirira kapinga ndi paipi. Adandikoka dzanja nati, "Atate, bwanji uku amwetsa udzu, pamene kwa amai aang'ono madzi ngogula?" Ndidalibe yankho lalifupi lokwanira mwana wa zaka 7, ndipo ndidamuuza kuti funso lachelo alisunge, pakuti ndi labwino.

Mwina wina afunsa kuti nchifukwa ninji mzinda udula chotere. Chifukwa chache nchapafupi. Kwathu kuno zambiri zimene tikhalira nazo moyo sizipita m'manja mwa wogulitsa: malo omangapo ndi a makolo, madzi ndi a pa mjigo, ndiwo ndi za kudimba, ufa ndi wa m'nkhokwe. Munthu wa m'tauni alibe munda. Chiri chonse chimene adya chichokera kutali pa galimoto, galimotoyo imwa mafuta ogulidwa kunja kwa dziko, ndipo ali yense amene chapita m'manja mwache aikapo phindu lache. Malo nawo ngochepa poyerekeza ndi owafuna, kotero lendi ikwera. Amene alandira ndalama zooneka zambiri kumeneko, pakutha pa mwezi kawirikawiri atsala chimanjamanja monga ife.

ZIMENE TIDAONA OSATULUTSA NDALAMA

M'mawa mwache tidapita ku chigawo chatsopano cha mzinda, kumene kuli nyumba za boma. Tidadutsa pa mseu wokwera pamwamba pa mseu unzache, ndipo anawo adakuwa ndi chimwemwe mpaka anthu a m'minibasi adaseka. Tidakaima kunja kwa mpanda wa Nyumba ya Malamulo, imene idamangidwa ndi chithandizo cha dziko la China nitsegulidwa mu 2010. Ndidauza mnyamata kuti phungu amene anthu a kwathu adamsankha akhala m'menemo pamodzi ndi anzache, kupangana za misonkho, za masukulu ndi za miseu. Iye adayang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti, "Nanga mwini wache wa nyumbayi ndani?" Ndidayamba kufuna dzina la munthu wamkulu loti ndimtchulire, koma ndidazindikira kuti yankho loona ndi lina. Ndidati, "Nja ife, mwanangu. Nja iwe, nja amako, nja atsibweni ako."

Pafupi pomwepo pali chiliza cha Dr. H. Kamuzu Banda, amene adatsogolera dziko lino kuyambira 1964 kufikira 1994, namwalira mu 1997. Chilizacho adachitsegula mu 2006, ndipo chiri ndi mizati inai ya ngodya zinai zimene ife akuluakulu tidaziloweza tiri ana: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ndidafotokozera anawo zabwino za nthawi imeneyo, ndi mantha ache omwe, monga mwa msinkhu wao. Patsogolo pache tidaona Capital Hill, kumene kuli maunduna a boma. Dzuwa litafika pamutu tidakhala pansi pa mtengo, tidamasula kamba wathu wa mbatata yophika ndi thobwa, ndipo tidadya mokondwa, magalimoto a mabwana ali kupita patsogolo pathu.

Pobwerera tidadutsa pa nkhalango imene aisunga pakati pa mzinda, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, kumene asamalira nyama za m'thengo zobvulala ndi zamasiye. Tidamva kuti anthu alipira pachipata kuti akayende m'tinjira ta m'nkhalangomo ndi kuona apusi m'mitengo. Mnyamata adaseka mpaka misozi. Adati, "Ife kwathu tidzuka m'mamawa kukapirikitsa apusi ku chimanga, kuno awalipirira!" Ndidamuuza kuti asaseke kwambiri, pakuti kumene mitengo yatha mthunzi usanduka chuma, ndipo ife tikapitiriza kuotcha makala m'mapiri mwathu, adzukulu ache nawonso adzalipira kuti aone mtengo.

Usiku, magetsi atayaka ponseponse ngati nyenyezi zagwa pansi, ndidakumbutsa anawo za munda uja wa magalasi otola mphamvu ya dzuwa umene uli pa Golomoti, umene udayamba ntchito mu 2022, wotulutsa mamegawati 20. Mphamvu imeneyo ilowa m'mawaya a dziko lonse. Mpunga umene tidauona pa msika, wina ngwa m'chigwa chathu cha Bwanje. Usipa ngwa nyanja yathu. Ndidafuna kuti adziwe kuti mzinda udya kuchokera m'manja mwa anthu onga atate ao, ndi kuti iwo sadadze kumeneko ngati opempha.

BODZA LA M'SITOLO

Tsopano ndifika pa chinthu chimene chindichititsa manyazi kulemba. Madzulo a tsiku lomwelo, tisadabwerere ku Mtandire, anawo adapempha kulowa m'sitolo ina yaikulu, yozizira m'kati ngati mwezi wa Juni pa phiri la Dedza. Tidalowa. Mtsikana adaona chidole cha tsitsi lalitali, chobvala nsapato zofiira, chiri m'bokosi la pulasitiki yoonekera. Mtengo wache udali pafupi kulingana ndi ndalama yotibweza tonse asanu kumudzi. Mwanayo sadalire, sadabvute. Adangokhudza bokosilo ndi chala chimodzi, nati motsitsa mau, "Atate, ndigulireni."

Pambali panga padaima anthu obvala bwino, ali kukankha tingolo todzaza ndi katundu. Ndidayang'ana nsapato zanga za pfumbi, ndipo mau akuti "ndiribe ndalama" adandikanirira pakhosi. Ndidati, "Tiye, mwanangu, tidzabweranso mawa." Ndidadziwa bwino lomwe kuti mawalo ndilo tsiku lobwerera kwathu. Ine amene ndiphunzitsa ana a eni ache kuti bodza nloipa, ndidanamiza wanga yemwe chifukwa choopa maso a anthu osandidziwa, amene mwina sadali kundiyang'ana nkomwe.

M'mawa mwache mwanayo adadzuka woyamba, nasamba, nabvala msanga. Titafika pa depoti, ndiri kufunsa za minibasi, adandigwira malaya nati, "Atate, kusitolo kuja tidutsako nthawi yanji?" Amache adandiyang'ana osanena kanthu. Pamenepo ndidanyonyomala pakati pa anthu onse aja, ndipo ndidamuuza kuti, "Mwanangu, dzulo ndidakunamiza. Ndalama ya chidole chija ndiribe, ndipo dzulo lomwe ndidalibe. Ndidachita manyazi kunena. Undikhululukire." Adalira pang'ono. Atapukuta misozi adanena mau amene sindidzawaiwala. Adati, "Mukadandiuza dzulo, bwenzi nditachiyang'anitsitsa nthawi yaitali."

Abale anga, taganizani mau amenewa. Umphawi wanga udammana chidole, ndipo ichi sindikadatha kuchisintha. Koma bodza langa lidammananso chinthu chimene ndikadatha kumpatsa chaulere, ndicho kuima pamenepo ndi kuyang'ana mpaka maso ache atakhuta.

TSONO TIYANKHE BWANJI?

Ndasinkha za ulendowu miyezi yambiri, ndipo ndapeza zinthu zitatu.

Choyamba, kuona chinthu ndi kukhala nacho ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mwana adziwa ichi koposa ife. Tsiku ndi tsiku ayang'ana nyanja, phiri, mwezi ndi mbalame, osaganiza kuti wasauka chifukwa sangazitengere kunyumba. Ndife akuluakulu amene timphunzitsa kuti chinthu chokongola chimene sungachigule chikunyoza. Timphunzitsa ndi nkhope yathu: pamene tigwetsa maso pakhomo pa sitolo, pamene timkoka msanga ngati taba, pamene timkalipira chifukwa chopempha, pamene tinama. Mwana akaona atate wache ali kunjenjemera pamaso pa chidole, aphunzira kuti chidolecho chiposa atate wachewo. Koma akaona atate wache aima chiriri, nanena poyera kuti, "Nchokongola ndithu, koma sitingathe kuchigula, tiye tichiyang'ane," aphunzira kuti munthu angathe kusowa ndalama osataya ulemu wache. Phunziro limeneli lidzamthandiza moyo wache wonse, pakuti ngakhale atadzalemera, padzakhalabe zinthu zimene sadzatha kuzigula.

Chachiwiri, masiku obisira ana mzinda adatha. M'nthawi ya agogo athu mwana akadatha kukula osadziwa za kunja kwa mudzi. Lero mzinda udza wokha m'mudzi, pa foni ya mchimwene wache ndi m'nyumba zoonetsera makanema pa Golomoti ndi pa Mtakataka. Tsono zithunzi zimenezo zionetsa mbali imodzi yokha: magalimoto, zobvala, magetsi. Sizionetsa ndowa ya madzi ogula, ngakhale mwini nyumba wogogoda pakhomo mwezi ukatha. Makolo adati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alamu anga anena zoona kuti maso ndiwo aitana anyamata athu ku Johannesburg. Koma maso amenewo adaona khungu la nkhuyu lokha. Mwana amene wapita ndi makolo ache, nagona ku Mtandire, nadutsa ku Area 47 tsiku lomwelo, wang'amba nkhuyuyo naona m'kati. Akadzakula nasankha kukakhala m'tauni, adzapita wodziwa.

Chachitatu, si kukhumba konse kumene kuli koipa. Kulipo kusirira, kumene kudya mtima wa munthu chifukwa mnzache ali ndi chinthu. Kuliponso kufunitsa kumene kudzutsa munthu kuti aphunzire, agwire ntchito, ndi kufunsa chilungamo. Funso la mwana wanga la madzi othirira udzu silidachokere m'kaduka, ndipo dziko lathu lisowa anthu ambiri olifunsa. Mwana amene sadaone Nyumba ya Malamulo adzaiopa, ndipo akadzakula adzalowa mu ofesi iri yonse ya boma chogwada, ngati wopempha chifundo, kuiwala kuti msonkho wache ndiwo ulipira wokhala pampandoyo. Amene adaima pa mpanda wache ali mwana, nauzidwa kuti nyumbayo nja iye, adzadziwa kufunsa mwaulemu koma mosaopa.

Koma ndisabise zimene alamu anga adalasa. Titabwerera, mtsikana adataya chidole chache cha chitsononkho kuseri kwa nkhokwe, ndipo mlungu wathunthu sadachiyang'ane. Mtima wanga udawawa, ndipo ndidati mwina alamu adanena zoona. Pambuyo pache adachitolanso, nachisokera nsapato za kansalu kofiira. Sindinena kuti mwana ali yense adzatero. Ena bala lao lichedwa kupola. Ndiponso pa nkhani ya ndalama alamu anga sangatsutsidwe. Ngati matumba awiriwo ali otsiriza m'nyumba, kapena ngati ndalama ya ulendo nja katapila, musapite. Mwana sangadye zimene adaona, ndipo Lilongwe sathawa. Adzakhalapo chaka cha mawa.

Yankho langa tsono ndi ili: nkwabwino kuonetsa ana zinthu zimene sitingathe kuwagulira, ngati m'nyumba mwatsala chakudya, ndiponso ngati ife eni tiri okonzeka kuima pamaso pa zinthuzo osanama ndi osachita manyazi. Amene sadakonzeke kutero ayambe wadziphunzitsa yekha asadakwere minibasi.

MALANGIZO KWA OFUNA KUPITA

Musadanyamuke, khalani pansi ndi ana, muwaonetse ndalama imene muli nayo, ndi kuwauza ntchito yache: iyi ya minibasi, iyi ya chakudya, iyi yothokozera abale otisunga. Muwauziretu kuti tikupita kukaona, sitikupita kukagula. Ngati nkotheka, patsani mwana ali yense kandalama kochepa koti asankhe yekha chogula, kaya ndi mandasi, kaya ndi pensulo. Potero aphunzira kuti kusankha chimodzi ndiko kusiya china.

Ndalama yobwerera muipatule, amai aimange pa chitenje cha m'kati, ndipo isakhudzidwe ngakhale zitabvuta bwanji. Tengani kamba ndi madzi a m'chigubu, pakuti njala ya mwana m'tauni ndiyo ibowola thumba. Kwa abale okusungani musapite chimanjamanja. Kamtanga ka mpunga kapena ufa kawapeputsa kwambiri, chifukwa mlendo m'tauni adya ndalama ya mwini nyumba.

Musafune kumaliza mzinda wonse tsiku limodzi. Miyendo ya ana njaifupi, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha. Ine ndidataya mau ambiri pofotokozera mzime za boma ndi maunduna; lero mukamfunsa za Lilongwe, akumbukira maloboti osintha mitundu ndi galimoto lina lalikulu lonyamula nkhuku. Zimenezo ndizo za msinkhu wache, ndipo zimkwanira.

Koposa zonse, chenjerani ndi khamu la anthu. Tidaona kunja kwache kwa bwalo lalikulu la masewero la Bingu, limene lidatsegulidwa mu 2017, lolowa anthu oposa 40,000. Pa 6 Julai chaka chomwecho, tsiku lokondwerera ufulu wa dziko, anthu adapanikizana pa zipata zache, ndipo anthu 8 adafa, 7 mwa iwo ana. Nditaima pamenepo ndidagwiritsa manja a ana anga. Tsiku la chikondwerero chachikulu si tsiku loonetsa tiana mzinda. Mwana ali yense adziwe dzina la atate wache ndi la mudzi wache, ndipo m'thumba mwache mukhale kapepala ka nambala ya foni. Pooloka mseu wamng'ono abelekedwe, ngakhale adziwa kuyenda.

POBWERERA

Pobwera tidasankha njira ina, yodzera ku Dedza, ndipo pa Masasa tidapatuka kutsika mseu wa Khwekhwerere wonka ku Golomoti. Mudziwa mmene mseuwo ukhotera uku ndi uku potsika phiri. Pa khota lina chigwa chonse chidatseguka pansi pathu: midzi, minda, milambe, ndi kutali nyanja iri ngwee ndi dzuwa la madzulo. Anawo adabadwira pansi pamenepo, koma sadaonepo dziko lao ali pamwamba. Mnyamata adati, "Atate, kodi uko ndi kwathu?" Ndidati inde. Adakhala chete kanthawi, nati, "A ku Lilongwe aja olipirira apusi, izi bwenzi atalipira zingati?"

Alamu anga sadatembenuke mtima, ndipo kufikira lero ati matumba awiri adapita ndi mphepo. Koma tsiku lina ndidawapeza pakhonde, mtsikana ali kuwafotokozera za chidole cha nsapato zofiira, tsitsi lache, bokosi lache, chimodzichimodzi. Iwo adamfunsa kuti, "Nanga atate ako sadakugulire bwanji?" Mwanayo adayankha msanga, osagwetsa nkhope, kuti, "Adalibe ndalama, atsibweni," napitiriza nkhani yache.

Ngati wina mwa inu owerenga adayendapo ulendo wotere napeza zosiyana ndi zanga, alembere akonzi, kuti tiphunzitsane. Tsalani bwino nonse.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa ku chigawo cha Mua.